Thandizeni nzeru: ndikusamalira bambo anga okalamba, pa intaneti sindikupezapo chogwira

Abale ndi alongo, ndimakhala ku Mabvuku, kuno ku Harare, ndi bambo anga a zaka 84. Anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nthawi ya chitaganya. Chaka chatha anachita sitiroko, mbali yakumanzere inafa, ndipo tsopano akuiwala zinthu. Chishona chomwe akhala akulankhula zaka zonsezi chathawa, atsala ndi Chichewa chokha. Mtsikana amene tinamupeza kuti aziwayang'anira masana sakumvana nawo, iwo amangomuthamangitsa.

Ndikafufuza pa Google zikungobwera za chithandizo cha zaumoyo cha kunja, monga Medicare ya ku America ndi NHS ya ku Britain, ndi mabedi amagetsi odzikweza okha. Magetsi ake ati? Pa Facebook ndiye ndi otsatsa zitsamba okhaokha, ati mbiya imodzi munthu adzuka. Data ikungothera zopanda pake. Pamsana payamba kachilonda. Amene munadutsamo kuno ku Harare, munayambira pati?

Yankho 1:
Pepani achemwali. Chilondacho musachichedwetse, chimakula msanga. Muziwatembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, pilo pakati pa mawondo, zidendene zisakhudze matiresi. Thewera likanyowa sinthani pompo, khungu likhale louma. Pamalo pofiira musamatikitepo. Koma anesi achione kaye. Funsaninso ku Island Hospice, bungwe losamalira odwala mwakayakaya, akhala akugwira ntchito kuyambira 1979 ndipo amaphunzitsa abale kasamalidwe ka wodwala pakhomo. Anthu amaopa dzinalo ngati ndi kotsanzikira, si choncho.

Yankho 2:
Zoiwalazi mwaziona bwino? Pena pamakhala dzanja la munthu.

Yankho 3:
Achimwene, tisawasokoneze mayiwa. Sitiroko imawononga ubongo, ndipo nthawi zina chilankhulo chimene munthu anaphunzira atakula ndi chimene chimayamba kuchoka, cha kwa amayi ake chimatsala. Agogo anga zinawachitikiranso. Achemwali, fufuzani bungwe la ZARDA, limaona za matenda oiwalawa kuno ku Zimbabwe. Za mafizo yesani ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha St Giles ku Milton Park. Mukaphunzira kamodzi, zolimbitsa mkono ndi mwendo muzichita nokha kunyumba.

Yankho 4:
Wolankhula Chichewa simumupeza pa foni. Pitani ku CCAP Lamlungu mukalankhule ndi amayi a chigwirizano, kapena ku mzikiti, kapena ku sosaite ya maliro ya anthu akwathu. Alipo amayi ambiri ku Tafara ndi ku Epworth amene anasamalirapo makolo awo. Kenako mupite ku Social Welfare mukafunse kalata ya AMTO, imathandiza pa bilu ya chipatala cha boma. Lamulo la okalamba la 2012 limati wokalamba ndi nzika ya Zimbabwe ya zaka 65 kupita m'tsogolo, ndiye pa zaka bambo ali m'gulumo. Ngati anagwirapo ntchito yolembedwa kuyambira 1994, kafunseninso za penshoni ku bungwe la boma la NSSA.

Wofunsa:
Zikomo nonse, za kutchalitchi sindinaziganizire. Koma chitupa cha bambo ndi chakale chija cholembedwa kuti ndi mlendo. Alipo amene anatengapo AMTO ndi chitupa chotere, kapena ndiyambe ndasintha chitupacho?