Ntchito yoyesa mapulogalamu: ndiyambire pati?

Chisomo (Dublin): Akuluakulu, mashifiti a usiku andikwana. Ndamva zoti pali ntchito ya tester, yoyesa mapulogalamu asanafike kwa anthu. Koma code, malangizo omwe amalemba popanga mapulogalamu, sindiidziwa ngakhale pang'ono. Zingatheke?

Achimwene Mavuto (Johannesburg): Zingatheke mchemwali wanga, inenso ndinalowa chimodzimodzi. Yambani ndi satifiketi ya Foundation ya ISTQB, bungwe loona za masatifiketi a oyesa mapulogalamu. Mafunso amakhala 40, osankha yankho, ndipo mukakhoza 26 ndiye kuti mwadutsa. Nthawi ndi ola limodzi, koma ife amene Chingerezi sitinabadwe nacho amatiwonjezera mphindi 15, bola mupemphe polembetsa. Silabasi yake ndi yaulere pa webusaiti yawo.

Mayi a Tadala (Manchester): Satifiketiyo ingokufikitsani pa intavyu, Chisomo. Chomwe chimakusungani pantchito ndi kalembedwe ka bug, kutanthauza cholakwika cha mu pulogalamu. Sabata yanga yoyamba ndinalemba tikiti mu Jira, pulogalamu yomwe timalembamo zolakwika, kuti "batani lolipirira silikugwira", basi. Wolemba code anabweza tikitiyo, akuti kwa iye likugwira bwinobwino. Tinakanganapo masiku awiri. Mayi wina wachikulire wa mu timu yathu anandikhazika pansi n'kunena kuti lembani foni yake ndi iti, browser yanji, mwadina chiyani choyamba, chachiwiri, chachitatu, mumayembekezera chiyani, chachitika n'chiyani, kenako muike chithunzi. Nditalemba choncho, zinadziwika kuti vutolo limabuka pa iPhone pokha, ndipo analikonza masana omwewo. Kuyambira pamenepo sindituma tikiti ndisanabwereze vutolo katatu ndekha.

Yamikani (Cape Town): Mayi anena zoona. Komanso zolakwika zimakonda kubisala m'malire. Fomu ikati zaka 18 mpaka 65, musataye nthawi pa 30. Ikani 17, 18, 65 ndi 66. Ine pa intavyu anandipatsa fomu yolembetsera, ndinangolemba dzina loti Ng'oma, pulogalamu n'kukana kachizindikiro kaja kapamwamba ka pakati pa g ndi o. Anandiitana mawa lake.

Chisomo: Eee, zikomo kwambiri! Nanga za Selenium zomwe ndikuziona pa zotsatsa ntchito zonse?

Achimwene Mavuto: Zimenezo n'zoti kompyuta izibwereza yokha mayeso omwe mumachita pamanja, makamaka akasintha china chake n'kufuna kuona ngati zakale sizinawonongeke. Mudzazifuna ndithu, pamodzi ndi Playwright yomwe imagwira ntchito yofanana, koma osati mwezi uno. Choyamba SQL pang'ono, chilankhulo chofunsira database (momwe pulogalamu imasungamo zinthu), kuti muzitha kuona ngati zomwe munthu walemba zafikadi mmenemo, kenako Postman, yoyesera mmene mapulogalamu amatumizirana mauthenga. Python, chilankhulo cholembera code, ibwere pambuyo.

Mayi a Tadala: Chenjezo kwa amene muli ku UK pa visa ya sukulu: ena akukuuzani kuti mutenge maganyu oyesa mapulogalamu a pa webusaiti ya uTest kuti mupeze luso. Visa imeneyo silola ntchito yodzilemba nokha, musaike mapepala anu pachiswe. Chisomo, inunso funsani kaye zomwe chitupa chanu cha ku Ireland chimalola.

Yamikani: Madzulo ano tengani app iliyonse ya mu foni yanu, mupeze zolakwika zitatu, mulembe monga anenera Mayi a Tadala. Muponye muno, tiziona limodzi Loweruka.