Phala la kumkombaphala: tikaode ku Limbe kapena tizitenga kumagolosale a kwathu?

Wapampando: Moni nonse a kwathu pagulu lathu lino la WhatsApp, kulikonse kumene muli. Nkhani ija tinaisiya panjira tiimalize lero. Tinagwirizana kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi ana a kumkombaphala azimwa phala tsiku lililonse, poti ndi miyezi imene m'makomo ambiri moto umayaka kamodzi. Chimanga ndi soya makolo asonkha. Chatsala ndi shuga, mchere, mafuta ophikira ndi sopo. Kodi tikaode kamodzi ku Limbe, kapena tizitenga pang'onopang'ono kumagolosale a pa Migowi?

Msungichuma: Ine ndiye Limbe basi, a Wapampando. Mtengo wa oda ndi wotsika, komanso amapereka lisiti. Ndalamazi ndi thukuta la anthu, ndimafuna pakutha pa mwezi ndiponye pano chithunzi cha pepala, aliyense aone yekha.

Wa ku Joni: Ndili mbali yanu, achemwali. Kuno timagwira maganyu dzuwa lili pamutu kuti titumize kangachepe pa Mukuru. Sindinaiwale nthawi imene shuga anasowa chaka cha 2024. Mayi anga anapita pagolosale ina nkuuzidwa kuti watha, koma madzulo ake shuga yemweyo anatulukira kuseri pamtengo wina. Anthu otere tiwapatsenso ndalama za ana?

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, zimene wanenazo zinachitikadi, ndipo zinatiwawa tonse. Koma nsomba imodzi ikaola tisataye dengu lonse. Ine ndinalipo mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri. Misewu inaduka, galimoto za chithandizo sizinafike tsiku lomwelo. Masiku oyambawo anatigwira dzanja ndani? Ndinaona ndi maso anga mayi wina atatsegula golosale yake, anthu atagona pakhonde mpaka m'kati pakati pa mabale a shuga. Anatulutsa makandulo, machesi, mchere ndi mapepala apulasitiki ofunda, osafunsa kuti ulipira liti. Mafoni athu tinkatchaja pa sola yake kuti tikuuzeni inu a kutali kuti tili moyo. A ku Limbe amatidziwa ngati makasitomala, awa amatidziwa mayina ndi maliro athu omwe.

Mayi wa golosale: Zikomo aphunzitsi. Ndakhala chete kuwerenga, koma ndiloleni ndiyankhulepo, poti ndine mmodzi mwa amene akukambidwa. Achimwene a ku Joni, wobisa shuga uja analakwa, sindimuikira kumbuyo. Koma bwerani mudzaone kabuku kanga ka ngongole. Muli mayina a anthu amene anatenga sopo ndi ufa chaka cha Freddy, ena anamwalira, ena anasamuka, ndipo sindinapitepo kwa amfumu kukasuma. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinagulitsira katoni ya mafuta sinakwanenso kuodera katoni ina. Pamtengo mukuuona pashelefu pali thiransipoti ya ku Limbe, wonyamula katundu, ndi chiphaso cha kukhonsolo. Pakagwa zovuta m'mudzi, mbale ya chipepeso imayambira pakhomo pathu. Timu ya mpira ikafuna yunifolomu, kwathu. Sitidandaula, ndife a konkuno.

Msungichuma: Mayi, ndamva, ndipo sindikunyoza ntchito yanu. Vuto langa ndi lisiti.

Mayi wa golosale: Buku la malisiti ndigula mawa lomwe. Ndayankhula ndi anzanga awiri, tagwirizana kuti katundu wa ana tizipereka pamtengo umene taodera, inu muzingoonjezapo ya thiransipoti. Lisiti la ku Limbe tizikuonetsani.

Mlezi wa kumkombaphala: Inenso ndiikepo mlomo, makolo anga, chifukwa ophika ndife. Kanyumba kathu kalibe chitseko cholimba, denga limadontha. Mukatibweretsera shuga wa miyezi itatu nthawi imodzi, mvula ya Febuluwale imunyowetsa, nyerere ndi makoswe zimaliza wotsalayo. Ndiye anthu adzayamba kutiloza zala kuti alezi akudya za ana. Ine mtima ungakhale m'malo nditamapita Lolemba lililonse kukatenga za mlungu umodzi, ndisaine, mayiwa asaine. Chisawawa chichepe.

Wa ku Joni: Za kusungazo sindinaziganizire. Koma mitengo ikakwera pakati pa Febuluwale, adzatiuza kuti ndalama yathu yaperewera.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye tilipiriretu. Katundu aodedwe Disembala yemweyu, akhale m'sitolo mwawo koma ali wathu, wolembedwa m'buku. Ndili ndi ganizo linanso. Chenji chikasowa, m'golosale amatipatsa switi kapena machesi. Bwanji pakauntala pakhale kachitini kokhoma, wofuna aziponyamo K50 yakeyo m'malo motenga switi? Ngakhale wakabaza amene alibe foni ya WhatsApp akhala atathandizapo. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi wa golosale: Kachitini ndavomera, koma kiyi asakhale ndi ine. Mawa ndalama ikadzachepa, dzina loipa lidzakhala langa.

Msungichuma: Kiyi akhale kwa a komiti ya mkombaphala, azitsegula pamaso pa anthu atatu ndi nthumwi ya amfumu. Za pagulu pano ndizitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba molunjika kwa mwini golosale, uthenga wake ndiziuponya pompano. Ndafewa, koma tiyese mwezi umodzi kaye.

Wa ku Joni: Mwezi umodzi ndavomera. Koma golosale ija inabisa shuga isalowemo.

Wapampando: Dzina lake musalitchule pano, achimwene, mundiuze kumbali. Aphunzitsi, Loweruka mutenge alezi awiri mukaone pamene katundu azisungidwa m'masitolo atatuwo, mutijambulire. Alezi, tiuzeni lero lomwe mapaketi a shuga amene mumatha pamlungu kuti msungichuma awerengere.

Mlezi wa kumkombaphala: Ndifunse kaye anzanga, ndiyankha madzulo. Musaiwalenso nkhuni, mvula ikayamba zouma zimasowa.