Kagalu kanga ka Boerboel kakupindika miyendo, ndithandizeni

Mayi a Thoko, Matawale:
Moni nonse. Ndili ndi ka Boerboel ka miyezi 4, kakukula mofulumira moti anthu akudabwa, koma masiku ano miyendo yakutsogolo yayamba kupindika pa mfundo za m'munsizi, kakuyenda ngati kakuponda minga ndipo kakamadzuka kamayamba kalira kaye. Kudya kakudya bwinobwino, ndimakaphikira phala la madeya ndi msuzi wa mafupa a kubutchala. Kamagona pakhonde la simenti yopolisha. Aneba akuti ndikapatse Brufen ndi matabuleti a kashiamu, ena akuti chammwamba. Ine ndikufuna njira zachilengedwe, mwana ameneyu sindikufuna kumudzaza mankhwala akadali wamng'ono chonchi.

Bambo a Yamikani, Chinamwali:
Mayi chonde Brufen yo musayerekeze, galu amamuboola m'mimba ndikuononga impso, diclofenac chimodzimodzi, ngakhale Panado osamangopereka mwachisawawa. Koma ine ndikuona vuto ndi madeyawo. Madeya ali ndi mchere wa m'thupi wotchedwa phosphorus wambiri koma kashiamu wochepa, msuzi wa mafupa nawo anthu timaudalira koma kashiamu amatsalira m'fupa momwemo, ndiye kagalu kakunenepa pamene mafupa ake akufooka. Gulani matemba a ku Kachulu kapena bonya wosathira mchere, sinjani ndi mitu ndi minga yomwe, sakanizani m'phala, dzira lophika pang'ono. Zachilengedwe zenizeni ndi zimenezo.

Anaphiri, Kalimbuka:
Ndigwirizane nawo bambowa pa nsomba, koma matabuleti a kashiamu aja ndiwatsutse mwamphamvu. Agalu a mtundu waukulu, Boerboel, Rottweiler, German Shepherd, Great Dane, akakhala osakwana miyezi 6 thupi lawo silitha kukana kashiamu wopyola muyezo, limangoyamwa wochuluka, ndiye mafupa amakula mopotoka ndipo mfundo zimaonongeka. Ndi chifukwa chake layers mash ya nkhuku ija ena amaphikira agalu ndi yoopsa, muli kashiamu wopangira zikamba za mazira. Chofunika ndi muyezo, kashiamu apose phosphorus pang'ono chabe, cha m'ma 1.2 kwa 1. Ngati thumba likulola, chakudya cha m'sitolo cholembedwa large breed puppy anachiyeza kale, mukagula chimenecho musaonjezerenso kanthu.

Komanso si kutsimphina konse kumachokera ku chakudya. Pali nthenda ina ya mafupa amati panosteitis, imagwira kuyambira miyezi 5 mpaka 18, lero mwendo uwu sabata yamawa winawo, imatha yokha galu akakhwima. Ina ndi HOD, nthenda ya mafupa a tiagalu tomakula, imeneyo ndiye ndimaiopa, pamwamba pa mfundo pamatupa ndikutentha, thupi limatentha, galu amakana kudya ndikugona pansi osadzuka. Mukaona zimenezo osadikira masamba ayi, thamangirani kwa a vetenale tsiku lomwelo. Ngakhale panopa akamuone, kukhudza ndi manja kokha amadziwa zambiri, ndipo mankhwala ochepetsa ululu opangira agalu alipo.

Achimwene a ku Sadzi:
Chammwamba ine ndimathira kasupuni m'chakudya, koma ndisakunamizeni kuti chimaongola fupa. Chimene ndingakuuzeni ndi simentiyo, imaterera ndiye timiyendo timangotagada, yalani masaka kapena kachotseni kazikhala pa dothi ndi pa kapinga. Osakamangirira tsiku lonse, komanso osakathamangitsa kapena kukwera nako ku Chawe mpaka chaka chitapitirira. Ndipo kachepetseni thupi mayi, ife timasangalala kagalu kakakhala dubwidubwi koma nthiti zizimveka mukakasisita.

Mayi a Thoko, Matawale:
Zikomo kwambiri abale anga. Ndakagwira mfundo zija sizikutentha, kudyanso sikanasiye, masaka ndayala kale. Kwa a vetenale ndipita nako Lolemba. Nanga ndikamakaotheretsa dzuwa m'mawa sizingathandize ngati mmene timachitira ndi ana?

Anaphiri, Kalimbuka:
Kaothe ndithu koma galu sali ngati munthu, khungu lake silipanga vitamini D wokwanira ndi dzuwa, amamupeza m'chakudya, nsomba ndi chikasu cha dzira. Lolembalo mutenge kadi la katemera, muwauze zonse zimene kamadya osabisa madeya, ndipo mufunsenso za mankhwala a njoka za m'mimba chifukwa nazonso zimakabera chakudya.