Zatheka, LLC yanga (mtundu wa kampani) yalembetsedwa ku Indiana, ku America

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndingakhale ndekha registered agent (wolandira zikalata za boma ndi za kukhoti m'dzina la kampani) wa kampani yanga yokonza m'nyumba. Ambiri munati n'zotheka, bola adiresi ikhale ya malo enieni muno mu Indiana, osati P.O. Box. Koma ndinamvera amayi aja amene anandikumbutsa kuti agent amayenera kupezeka pamalopo nthawi ya ntchito kuti alandire zikalata za kukhoti. Nanga ine tsiku lonse ndimakhala kwa makasitomala! Komanso adiresiyo aliyense amatha kuiona, ndiye sindinafune kuti ya kunyumba kwanga ikhale poyera. Ndinalipira kampani ina kuti ikhale agent wanga n'kulembetsa pa INBiz (webusaiti ya boma la Indiana yolembetserapo mabizinesi), zonse zinayenda bwino. EIN (nambala ya msonkho ya kampani) ya ku IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, ndi yaulere, wina asakudyereni ndalama.