Khadi la chakudya la ku Cedar Point: lindipulumutsira ndalama kapena ndikudzinamiza ndekha?

Mayi a Tadala (South Bend):

Moni nonse a m'gulu muno. Pepani ndilemba zambiri, koma ndikufuna maganizo a anthu amene munayesapo zimenezi.

Pakhomo tilipo anayi: ine, bambo a kunyumba, mnyamata wa zaka 14 ndi kamtsikana ka zaka 7. Mu Julayi chaka chatha tinapita ku Cedar Point, paki ya zisangalalo ija ya ku Sandusky, ku Ohio, m'mphepete mwa nyanja ya Erie, ndipo mpaka lero ana nkhani yake ndi yomweyo. Chaka chino bambo awo anati tingogula mapasi a nyengo yonse, ndipo tagula kale anayi. Tsopano pa webusaiti akundifunsa ngati ndikufuna kuwonjezerapo khadi la chakudya lotchedwa All Season Dining. Mmene ndamvera, munthu amadya kawiri tsiku lililonse limene wapita, bola pakati pa chakudya choyamba ndi chachiwiri padutse maola anayi. Mtengo umasinthasintha, koma tingoyerekeza $150 pa munthu, ndiye tonse anayi ndi $600.

Ulendo watha chakudya chamasana chokha chinatidyera pafupifupi $90. Ine ndi bambo tinagawana mbale imodzi, mnyamata anamaliza yake n'kumayang'ananso yathu, pomwe kamtsikana kanaluma nkhuku kawiri, tchipisi n'kumaponyera mbalame zija za kunyanja mpaka ndinachita kukakalipira. Ndikawerengera, mbale imodzi ndi pafupifupi $20, ndiye munthu akadya mbale 8 ndalama yabwerera, kutanthauza maulendo anayi. Papepala zikuoneka bwinobwino. Koma $600 kuitulutsa nthawi imodzi mtima ukukana, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza. Ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Chisomo (Indianapolis):

Mayi, funso langa ndi limodzi lokha. Chaka chino mupitako kangati? Ndikunena masiku amene mukhozadi kuloza pa kalendala, poti amene ana akufuna aja ndi ambiri.

Mayi a Tadala (South Bend):

Bambo a kunyumba akuti kasanu ndi kamodzi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimapuma kawiri pa mwezi.

Bambo a Chisomo (Indianapolis):

Ndiye pamenepo tiyambire pomwepo. Paki imatsegula mu Meyi n'kutseka kumapeto kwa Okutobala, ndipo tchuthi cha Labor Day chikangodutsa kumayambiriro kwa Seputembala amatsegula makamaka kumathero a sabata. Kuchokera kwanuko ndi maola pafupifupi atatu kupita kokha, pamsewu wolipira wa Indiana kenako wa Ohio. Mafuta, matoligeti kupita ndi kubwera, kudzuka 5 koloko, kufika kunyumba pakati pa usiku, m'mawa wake shifiti. Ife tinagula mapasi a Kings Island, paki inanso ya ku Ohio, tikunena kuti tizipita mwezi uliwonse, ndipo kwa ife ndi maola awiri okha. Tinapita katatu. Kachinayi kunali ukwati, kachisanu galimoto inali ku galaja, kenako sukulu zinatsegulira. Amuna tikamawerenga maulendo mu Epulo timawerenga ndi mtima, chotsanipo theka pa nambala ya bambowo.

Nabanda wa ku Michigan:

Achemwali, masamu anuwo ali ndi bowo. Mwawerengera ngati nonse anayi mumagula mbale ya $20 kawiri patsiku, chonsecho mwanena nokha kuti inu ndi alamu munagawana mbale imodzi ndipo kamwanako kanadyetsa mbalame. Ndiye popanda khadi mumawononga $90 patsiku, osati $160. Gawani $600 ndi $90, mupeza kuti ndi maulendo pafupifupi 7 kuti ndalama ibwerere. Chakudya chachiwiricho n'chimene chimakometsa masamu, koma kodi mukanachigula pakanakhala palibe khadi? Ife madzulo timadya panjira pobwerera, kapena timakapeza ndiwo za dzulo kunyumba.

Ankolo Phiri:

$600! Musayerekeze kuisintha m'makwacha, BP ikwera. Ine ana anga ndinawalera ndi cooler box. Mpunga wa nkhuku, mazira owiritsa, mandasi, botolo la juwisi wosungunula. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana mumatuluka pageti, amakudindani padzanja kuti mulowenso, mumakadya kugalimoto kapena pamalo a pikiniki amene ali kunja kwa geti. Palibe mwana anadwalapo chifukwa cha mpunga wa mayi ake.

Mayi a Tadala (South Bend):

Ankolo, cooler box ndi imene ndinakulira nayo, sindingainyoze. Vuto ndi mtunda. Paki ija ndi yaitali, ili ngati chala cholowa m'nyanja. Mnyamata wanga amakonda kukwera ma roller coaster otchedwa Steel Vengeance ndi Maverick, omwe ali kumapeto kwenikweni. Kuchoka kumeneko kufika kugeti lalikulu, kusaka galimoto padzuwa lija, kudya, kubwereranso, ola lathunthu lapita, kamtsikana kakulira kuti mundibereke. Ulendo watha ndinaona banja lina likukangana pamalo oimika magalimoto chifukwa bambo anaiwala mzere umene anaimika.

Ankolo Phiri:

Ola limodzi la $90 ndi malipiro abwino, mwana wanga. Kuntchito amakupatsani zingati pa ola?

Achimwene a ku Orlando:

Ankolo mwawina, koma ndiloleni ndiponyepo za kuno ku Florida, poti makhadi amenewa alipo a mitundu iwiri ndipo anthu amawasokoneza. Wina ndi wolipiriratu chakudya, ngati umene mayiwa akunena. Wina ndi wongochotsera mtengo. Ku Disney World kunali khadi lotchedwa Tables in Wonderland, anasiya kuligulitsa mu 2020 nthawi ya Covid. Amene anali ndi pasi ya chaka ankaligula $150, ndipo ankachotsa 20 peresenti pa chakudya ndi zakumwa, mowa womwe, m'malesitilanti okhala pansi, kwa anthu osapitirira 10 pa bilu imodzi. Masamu ake anali osavuta: kuti $150 ibwerere umayenera kudya za $750 m'chaka chimenecho. Pa biluyo ankaikiratu 18 peresenti ya tipi, ndipo anthu ena ankadandaula kuti ndiye chatsala n'chiyani, kuiwala kuti tipi kuno umapereka ndithu khadi lilipo kapena palibe.

Ine ndinali nalo zaka ziwiri. Chaka choyamba linandithandiza zedi chifukwa kunabwera alendo ochokera kumudzi kawiri, tikakhala patebulo tinkakhala anthu 8 kapena 9. Chaka chachiwiri ndinadzigwira ndikusungitsa tebulo pamalo odula, kuitanitsa ndi zotsekemera zomwe, chifukwa choti "tili ndi khadi". Mayi a kunyumba atawerengera malisiti anapeza kuti tinachotseredwa pafupifupi $200, koma tinadya kunja kuwirikiza kawiri kuposa kale. Khadi lolipiriratu lili ndi msampha wofanana, kungoti ilo limakukoka kuti upitenso kupaki kuti ndalama isapite pachabe, ndipo kwa inu ulendo uliwonse ndi thanki ya mafuta.

Mtsikana wa ku Area 25:

Ine ndili ku Lilongwe kuno ndikungowerenga ngati filimu. Anthu mukukangana za khadi lodyera pa katungwe? Tumizani $600 yo kuno tikuphikireni chaka chonse.

Nabanda wa ku Michigan:

Asisi, dola ikakhala kuno siilemera choncho, lendi imaimeza tisanaione.

Che Jafali (Toledo):

Ine ndikhala kumbali ya khadi, chifukwa kwa ine limagwira ntchito. Ndimakhala Toledo, ola limodzi kufika ku Sandusky. Nyengo yatha ine ndi mwana wanga tinapita maulendo oposa 15, nthawi zina tikaweruka madzulo kungokakwera ziwiri zitatu, kudya, kubwerera. Mbale iliyonse inatsika mpaka pafupifupi $6. Munamvapo za mnyamata uja wa ku California amene nkhani yake inatchuka mu 2021, ankalipira $150 pachaka ku paki ya Six Flags Magic Mountain n'kumakadya kumeneko pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zingapo mpaka anabweza ngongole ya sukulu? Chinsinsi chake n'choti ofesi yake inali pafupi ndi paki. Khadili analipangira anthu oyandikira. Inu a maola atatu muli m'malire.

Zinthu zina zoti mudziwe musanagule. Chakumwa sichikhalamo, ndi mbale ndi kachakudya kapambali basi. Zakumwa zili ndi pulani yakeyake, koma madzi a m'kapu mukapempha amakupatsani ulele. Si malo onse odyera amene amalandira khadili, ndipo pamalo amene amalandira si chilichonse cha pa menyu chimene chilimo, onani mndandanda pa app. Ine sindidya nkhumba, ndiye zosankha zanga zimachepa, koma nkhuku ndi nsomba zimapezeka. Lamulo la maola anayi lija limafuna kulikonzekera: mukadya koyamba 2 koloko chifukwa munali pamzere wokwera roller coaster ya Millennium Force, chachiwiri ndi 6 koloko, ndipo inu a kutali nthawi imeneyo mwayamba kuganiza za msewu. Ife timadya 11:30 mizere ya chakudya isanatalike.

Mayi a Tadala (South Bend):

Che Jafali zikomo, za chakumwa sindinadziwe. Ndimaganiza kuti zonse zili momwemo. Ndiye pa $600 paja pawonjezekanso zina.

Anti Grace (Leicester):

Kuno ku UK ana anga ali ndi Merlin Annual Pass, imene imalowetsa ku mapaki a Alton Towers, Legoland Windsor, Thorpe Park ndi kwina. Imachotserako pang'ono pa chakudya, koma kuno amalola kulowa ndi chakudya chako, ndiye masangweji m'chikwama nkhani yatha. Chimene ndikufuna kunena ndi china. Ine ndine nesi. Nkhuku yokazinga ndi tchipisi kawiri patsiku, maulendo 6, kwa munthu wamkulu amene mwina shuga ndi BP zayamba kale kugogoda, si phindu limenelo ngakhale masamu atavomera. Mwana wa zaka 14 thupi lake limawotcha zonse. Inu ndi bambo mukagula khadi mudzadya chifukwa munalipira kale, njala ilipo kapena palibe.

Bambo a Chisomo (Indianapolis):

Anti anena zoona. Komanso ndani ananena kuti mugule makhadi anayi? Limamangiriridwa pa pasi ya munthu mmodzimmodzi, mukhoza kugulira mmodzi yekha.

Nabanda wa ku Michigan:

Eya, apa ndiye pali nzeru. Gulirani mnyamatayo, poti ndiye chimbalangondo cha pakhomo. Iye mbale ziwiri patsiku amaliza popanda kumukakamiza, ndiye maulendo anayi ndalama yake yabwerera, ndipo ngati angapiteko ndi anzake kapena ndi achinyamata a kutchalitchi inu muli kuntchito, simudzavutika kumupatsa ndalama ya m'thumba. Kamtsikanako kazitola tchipisi m'mbale ya mchimwene wake, zotsalazo cooler box ya Ankolo. Palinso pulani ya tsiku limodzi, ija yoti umadya pakadutsa mphindi 90 zilizonse. Tsiku limene mwafika m'mawa n'kukhala mpaka kutseka, mungagule imodzi yoteroyo inu ndi alamu muone mmene ziyendere.

Ankolo Phiri:

Mnyamata adye za m'kati makolo akudya mpunga kugalimoto? Dziko lapita.

Achimwene a ku Orlando:

Ankolo, mnyamatayo akadya kawiri m'kati adzabwerabe kugalimoto kudzafunsa ngati mpunga watsala.

Mayi a Tadala (South Bend):

Mwamudziwa bwanji? Ndi yemweyo.

Ndakhala pansi ndi bambo ake usiku uno, kalendala ya kuntchito ili patebulo. Maulendo 6 aja atsika kufika pa atatu otsimikizika: wina mu Juni, wina pa sabata imene ndatenga tchuthi mu Julayi, wina mu Okutobala nthawi ya HalloWeekends, zikondwerero za Halloween za kupakiko. Wachinayi ndi wa mwina. Mnyamata ali ndi ulendo winanso ndi banja la mnzake wa kusukulu, ndiye iye akwanitsa anayi kapena asanu. Tagwirizana kuti khadi tigulira iye yekha, ifeyo ayi. Bambo anayesa kunena kuti nawonso agule lawo, ndawaonetsa zimene alemba Anti Grace, angoti zii.

Funso lina kwa Che Jafali, poti ndinu wapafupi: geti la kumbuyo lija la kufupi ndi roller coaster ya Magnum, munthu wa pasi wamba angaimike galimoto kumeneko? Ngati n'zotheka ndiye kuti ulendo wa ku cooler box wafupika.

Che Jafali (Toledo):

Kumbuyoko kuli malo oimika magalimoto a ku Cedar Point Shores, paki ya madzi ija, ndipo geti lake limakulowetsani pafupi ndi Magnum. Mumadutsa kamsewu kozungulira m'mbali mwa paki. Ine ndimaimika komweko, koma fikani m'mawa chifukwa Loweruka kumadzaza msanga. Mukadzabwera mu Juni mundiuze, mandasiwo muwonjezere anayi.