Bambo apeza ntchito pa famu ku Tzaneen: tisamuke tonse kapena atsogole okha?

Amake Tadala, Rosettenville

Abale anga a kuno ku Joni, ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa inu amene munakhalako ku Limpopo.

Ife timakhala ku Rosettenville m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, ine, bambo a Tadala ndi ana athu awiri. Lendi ndi R3,200 pamwezi, magetsi timagula tokha, bafa ndi chimbudzi timasinthana ndi mabanja ena a pabwalo pomwepo. Bambo amagwira ntchito ya m'maluwa komanso kuyendetsa galimoto kwa abwana ena ku Randburg. Tsopano abwanawo akugulitsa nyumba, akutsatira ana awo kunja, ndiye awalumikiza bambo ndi mchimwene wawo amene ali ndi famu ya mapeyala ndi makadamiya cha ku Tzaneen. Kumeneko akufuna munthu wa thirakitala woti aziyang'aniranso mapampu othiririra. Akuti nyumba ilipo pafamu pomwepo, ya zipinda ziwiri, ndipo ayambe mu Januwale.

Mtima wa bambo unapita kale. Chichitikireni moto uja wa ku Marshalltown mu Ogasiti 2023, umene unapha anthu 76 kuphatikizapo Amalawi anzathu, sagona tulo tabwino. Usiku amadzuka kukaona ngati loko wa pageti angatseguke msanga, chifukwa tonse a pabwalo pano potulukira pathu ndi pamodzi. Ana sasewera kumsewu. Wamng'onoyu, Pempho, njinga yake amangoizunguza pakati pa zingwe zoyanikapo zovala ndi migolo ya zinyalala. Ndikamuona choncho ndimawamvetsa bambo ake.

Koma ine mtima ukukana. Ndili ndi makina anga, ndimasoka zitenje, mayunifolomu a amayi a kutchalitchi, zovala za chinkhoswe ndi ukwati. Ndimagulitsanso usipa ndi nyemba zimene ndimalandira pa basi ku Park Station. Ndalama imeneyi ndi imene imagula ndiwo pakhomo, ndiponso ndi imene ndimatumizako pa Mukuru kwa amayi anga ku Balaka. Makasitomala anga onse ndi Amalawi. Kufamu ndikasokera ndani?

Chachiwiri ndi sukulu. Tadala akumaliza giredi 7, tinamulembetsa kale pa intaneti malo a giredi 8 kuno ku Gauteng. Pempho akupita giredi 3. Tinyamuke tonse mu Disembala, kapena bambo atsogole okha? Ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Wa ku Mulanje, pano Nkowankowa

Achemwali, ine ndinachoka ku Diepsloot kubwera kuno, ndimagwira m'mafamu a malalanje cha ku Letsitele. Za dera lenilenilo musade nazo nkhawa. Mukachoka ku Polokwane pa msewu wa R71 n'kuyamba kutsetsereka ku Magoebaskloof, mudzangoona ngati mwafika ku Thyolo, nkhungu, mitengo, nthochi m'mbali mwa msewu. Mvula imagwa, nthaka imabereka. Nkhwani, therere, bonongwe, chilichonse chimene mungafese kuseri kwa nyumba chimamera. Mango m'nyengo ya Khirisimasi ana amadya mpaka kutopa nawo.

Nkhani ili pa nyumbayo. Nyumba ya pafamu imayenda ndi ntchito. Tsiku limene bambo adzasemphane mawu ndi kapitawo, simudzataya malipiro okha, denga lomwe lidzayamba kugwedezeka. Ndinaonapo banja lina la kwathu litaunjika katundu pageti la famu, matilesi, mbaula ndi mapoto, mwana atakhala pamwamba pa chikwama, akudikira aliyense wodutsa ndi galimoto. Lamulo lilipo, la ESTA la 1997, lonena kuti munthu wokhala pafamu sangatulutsidwe popanda chigamulo cha khoti, ndipo wochotsedwa ntchito mosayenera ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Koma mlendo wokhala ndi ana, pamalo popanda m'bale, nthawi zambiri mantha amamupakiritsa katundu khoti lisanamve n'komwe.

Ndiye bambo asanavomere, apite akaone ndi maso. Kuchokera ku Joni ndi makilomita opitirira 400, atha kunyamuka Lachisanu n'kubwerako Lamlungu. Akatsegule mpopi aone ngati madzi akutuluka, akayatse getsi, akalowe m'chimbudzi, akayang'ane denga. Kenako zonse zilembedwe pa pepala: malipiro, maola, ndi zimene azidula. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma anafika R28.79 pa ola, ogwira m'mafamu ali momwemo, ndipo amawakweza chaka ndi chaka. Munthu wa thirakitala ndi mapampu ayenera kupitirira pamenepo ndithu, asachite manyazi kunena mtengo wake. Za nyumba saloledwa kudula kuposa 10 peresenti ya malipiro. Afunsenso ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, chifukwa kuno ambiri amalembedwa nthawi yokolola yokha, zipatso zikatha nawonso atha. Afunse ngati banja likuloledwa kukhala nawo, ngati mungalime kadimba, ngati makasitomala anu angalowe pageti.

Mapepala simunatchule, ndipo sindikufunsa pagulu pano. Ndingokumbutsa kuti pemiti ya ntchito imakhala ndi dzina la bwana amene munthu ukumugwirira, ukasintha bwana iyeneranso kukonzedwa. Ku Joni munthu umasowa m'chigulu cha anthu. Kuno sabata imodzi yokha aliyense amadziwa kuti pafamu yakuti pabwera Mmalawi.

Ine ndikuti bambo atsogole, inu mutsale kaye ndi ana.

Mayi wa Mvano, Turffontein

Mwana wanga, ine ndikulankhula ngati mayi ako. Achimwene a ku Nkowankowa anena bwino za malamulo, koma mawu awo omalizawo sindikugwirizana nawo kwenikweni.

Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, kukagwira ku mgodi. Ananyamuka akunena kuti akungopita kukapeza ya malata, ife tinakula tikuwadziwira pa chithunzi. Masiku ano kuli foni, koma ndaona maukwati ambiri a ana athu atazizira chifukwa cha "nditsogole kaye". Sikuti amuna ako ndi oipa ayi. Kungoti munthu akakhala yekha kutali, wophika palibe, wolankhula naye madzulo palibe, mayesero amachuluka. Ngati atsogola, mugwirizane mwezi weniweni umene inu mudzawatsatire kapena iwo adzabwerere, ndipo ankhoswe anu audziwe mweziwo. Zisakhale za "tiona m'tsogolo muno".

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi iweyo. Kuno ukadwala, amayi a Mvano timabwera ndi phala, wina akusesa, wina akutengera ana kusukulu. Kukagwa zovuta timasonkha, thupi limakwera galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndalama yake si yamasewera, banja limodzi silingathe. Kufamu bambo azichoka m'mamawa kubwera kutada, ana ali kusukulu, iwe tsiku lonse uli wekha ndi mitengo ya mapeyala, wopanda woti umupatse moni m'chinenero chako. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Ndinamuonapo mtsikana wina wa mumpingo mwathu atabwerako ku famu ya ku Mpumalanga ataonda, osati ndi njala, chakudya chinalipo, koma kusowa anthu.

Ukapita, usatuluke m'gulu la maliro, uzipitiriza kusonkha ngakhale uli kutali. Chipereganyu chako umalize bwinobwino, usasiye ngongole kumbuyo. Utenge kalata yosamukira kwa abusa. Ndipo makina ako osokera usagulitse, ngakhale wina akuuze kuti akudya malo m'galimoto. Mkazi amafunika kandalama kake kogulira mchere osapempha.

Aphunzitsi a mkaka, Yeoville

Asisi, ine ndiyankhe za ana zokha, poti ndi zimene ndimagwira.

Nthawi yake ndi yabwino kumbali imodzi: sukulu kuno zimayamba mu Januwale, ndipo Tadala akusintha sukulu kale poti pulayimale imathera giredi 7. Koma malo amene munamulembetsa pa intaneti ndi a ku Gauteng kokha, ku Limpopo sagwira ntchito. Musawataye mpaka mutagwira kalata ya sukulu ina m'manja.

Chimene makolo ambiri sachiganizira ndi chinenero. Mwana aliyense amaphunzira zinenero ziwiri za dziko lino. Tadala kuno mwina amatenga Chingerezi ndi Chiafrikaans kapena Chizulu. M'malokeshoni ndi m'midzi ya kuzungulira Tzaneen anthu amalankhula Xitsonga ndi Sepedi, ndipo m'sukulu zambiri zaulere chimodzi mwa zimenezi ndiye chinenero choyamba, Chingerezi n'chachiwiri. Mwana wa giredi 8 kuyamba Xitsonga ngati chinenero cha kwawo, pamodzi ndi anzake amene anayamwira chomwecho, ndi katundu wolemera, ndipo kulephera phunziro limenelo kungamubwezere kalasi. Kwa Pempho n'kovutanso mwa njira ina, chifukwa m'sukulu zotere giredi 1 mpaka 3 amaphunzitsa masamu ndi zonse m'chinenero cha m'deralo, Chingerezi chimatenga malo kuyambira giredi 4. Ubwino wake ana aang'ono sachedwa kutola chinenero pabwalo lamasewera. Sukulu za m'tauni mwenimweni zimaphunzitsa m'Chingerezi ndi Chiafrikaans, koma n'zolipira ndipo malo amatha msanga. Bambo akapita kukaona nyumba, akaloweko ku ofesi za sukulu akafunse maso ndi maso, akafunsenso kuti kuchokera pafamupo ana amayenda bwanji, chifukwa mafamu ena ali kutali ndi msewu wa takisi.

Konzeranitu malipoti a chaka chino, khadi yosamutsira mwana imene sukulu yakale imapereka, chikalata cha kubadwa, ndi kabuku ka kukiliniki ka Road to Health. Wina akadzakuuzani kuti mwana wopanda mapepala okwanira salandiridwa, dziwani kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe kusukulu pa chifukwa chimenecho. Ndimakuuzani izi chifukwa ndaona amayi akubwerera pageti la sukulu akulira, pamene lamulo lili kumbali yawo.

Maganizo anga: Tadala asachoke mpaka malo oyenera atapezeka. Chaka choyamba cha sekondale chikasokonekera, kuchikonza n'kovuta.

Dalaivala wa ku Mangochi, Mayfair

Amayi, ziwiri zokha. Eni nyumba muwauze kutatsala mwezi wathunthu kuti mutuluke, polemba, ngakhale pa WhatsApp. Tsiku lotuluka muyendere limodzi chipindacho, mujambule makoma ndi zitseko. Ngati palibe chowonongeka, lamulo la nyumba za lendi limati dipoziti ibwezedwe m'masiku 7. Ambiri a ife timangoisiya chifukwa galimoto yafika kale pakhomo.

China ndi malungo. Ku Joni kulibe, ndiye ana anu obadwira kuno thupi lawo silinakumanepo nawo. Chigawo cha Mopani, kumene kuli Tzaneen, amapezeka nthawi ya mvula, makamaka mukamalowera ku Giyani ndi Phalaborwa. Tengani maneti. Mwana akatentha thupi musamangomupatsa panado, thamangani naye kukiliniki akamuyeze. Ngati pali amene amalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, a BP, shuga kapena ma ARV, atenge kalata yosamukira ku kiliniki yake asananyamuke.

Katundu wolemera musanyamule ulendo woyamba. Bedi ndi firiji zitha kudikira kwa m'bale.

Amake Tadala, Rosettenville

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Usiku wathawu ndawawerengera bambo mayankho anu onse, ana atagona. Za pemiti anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akalankhula ndi abwana akalewo kuti iwo ndi mchimwene wawo athandize kukonza zimenezo asanayambe ntchito. Za chinenero cha kusukulu tonse awiri sitinaziganizireko, ndipo Tadala nditamufunsa m'mawa uno anangoti, "Amayi, Chizulu chomwe ndavutika nacho, ndiyambenso china?"

Tagwirizana kuti bambo apite mwezi uno akaone nyumba ndi sukulu, abwere ndi pepala lolembedwa. Zikakhala bwino ayamba mu Januwale okha, ine ndi ana titsala kuno, Tadala ayambe giredi 8 pamalo amene tinamupezera. Pa tchuthi cha Pasaka tidzapita tonse kukakhalako, ndikaone ndekha msika wa ku Tzaneen ndi wa ku Nkowankowa ngati telala angadyerepo. Amayi a ku Turffontein, mawu anu ndawamva. Tauza ankolo a bambo amene ali ku Germiston kuti malire athu ndi Juni: pofika pamenepo kaya ife tapita, kaya iwo abwerera. Lendi ya kuno ndi chakudya cha makomo awiri zitipweteka miyezi imeneyi, ndawerengera kale, ndiyenera kuwonjezera maoda a zosoka za Khirisimasi.

Achimwene a ku Nkowankowa, ndifunseko: kumeneko Amalawi mumakumana kuti Lamlungu, ndipo kuli gulu la maliro? Komanso amayi a kumeneko nsalu zawo amasoketsa kwa matelala kapena amagula zosokasoka? Ngati mungalole, bambo akafika pa renki ya takisi ku Tzaneen akuimbireni, muwaperekeze kufamuko kuti pokaona nyumbayo pakhale maso a anthu awiri.