Ndagula kale kachida ka m'thumba kaja

Anzanga, mwezi wapitawu ndinafunsa kuti ndigule chiti pakati pa Leatherman Wave ndi Victorinox CyberTool, poti ndimafuna chida chimodzi choyenda nacho m'thumba, chondithandiza tintchito ta tsiku ndi tsiku komanso kukonza makompyuta. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ndinasankha CyberTool M, ya ku Switzerland, yotalika mamilimita 91. Chimene chinandikopa ndi chomasulira masikuluu chake: n'chachitali ndiponso chopyapyala, moti chimafika m'mabowo akuya a kompyuta ya padesiki osavuta. Timitu take timasinthika, ndipo pali tooneka ngati nyenyezi totchedwa Torx, ta saizi 8, 10 ndi 15, komanso tooneka ngati mtanda totchedwa Phillips. Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti mukachotsa kamutu, bowo lakunja la mamilimita 5 limagwira timanati tija ta m'mbali mwa pulagi ya VGA, yolumikizira sikirini ku kompyuta. Lachiwiri ndinamasula tiwiri totere pa kompyuta yakale ya ku ofesi, timene kale ndinkalimbana nato ndi pulayala mpaka kukanda chitsulo.

Amene munanena kuti pulayala ya Leatherman ndi yamphamvu kuposa ya CyberTool munalondola. Ya CyberTool ndi yaing'ono, yabwino kutolera kasikuluu kogwera mkati kapena kukoka kawaya, koma ntchito yofuna mphamvu ndi ya Leatherman. Kungoti Wave ndinaiona kuti ikulemera m'thumba la buluku.

Pa malaputopu ena CyberTool siikwanira. MacBook ya kampani ya Apple imafuna kamutu ka nsonga zisanu kotchedwa pentalobe, ndipo ena opyapyala amafuna Torx 5, choncho ndagulanso kabokosi ka timasikuludiraiva tating'ono kokhala m'chikwama. Sizasi ya CyberTool ndiyo ndikugwiritsa ntchito kuposa zonse, makamaka podula timalamba tomangira mawaya.